Ukapita kwa eni, idya zawo basi

Ndakwiya, ndipo mwini nkhaniyi akudzidziwa, awerenge yekha. Munthu walipira viza ya Schengen, wakwera ndege ku London mpaka ku Bilbao, wakweranso basi kukafika ku San Sebastián, mzinda wa m'dera la anthu a Basque kumpoto kwa Spain, ndiye talowa mu bala ina ya ku Parte Vieja, mbali yakale ya mzindawo, kauntala yonse ili thothotho ndi pintxos, tizakudya ting'onoting'ono todyera pa bala, iye n'kukwinya mphuno amvekere: "Zakudya za ana a nazale izi? Tchipisi ndi nkhuku kulibe?" Mokweza! Mayi wogulitsa uja Chichewa sachimva, koma nkhope ya munthu wonyoza sifuna womasulira. Mkulu uja anatuluka kukasaka baga. Baga, abale anga, mumzinda umene anthu amachokera ku Japan ndi ku America kudzangodya!

Ndiye munayenderanji, achimwene? Ngati mimba yanu imafuna zomwe mumadya tsiku ndi tsiku, ndalamazo mukanatumiza kumudzi agulire feteleza. Ukapita kwa eni, idya zimene eniwo akudya. Sindikunena kuti uzikonde. Lawa kaye, ukazinyozere kuchipinda kwako.

Chimene anachikankhacho ndi gilda: olivi, tsabola wobiriwira wa guindilla woviikidwa mu viniga, ndi kansomba ka anchovy, zonse zotungidwa pa kamtengo kamodzi. Umaponya m'kamwa kamodzin'kamodzi, mchere ndi kuwawasa zimakumana, n'kutsitsira ndi txakoli, vinyo woyera amene amathira botolo lili m'mwamba kuti achite kathovu. Munthu wokulira pa usipa n'kumanyansidwa ndi anchovy? Manyazi mulibe? Komanso a Basque sakhazikika pamalo amodzi. Amadya kamodzi kapena tiwiri, n'kusamukira bala yotsatira, uku nkhani zili m'kamwa. Ukayenda nawo choncho usiku wonse lamba amathina yekha. Iye anangoona kuchepa kwa mbale yoyamba, mlandu n'kugamula.

Ati ndi njala, munthu wamkulu sangakhute timizere ta buledi. Zamkutu. Wanjala amafunsa. Akanafunsa akanamulozera ku Astigarraga, pafupi pomwepo, kumene kuli nyumba zofululira mowa wa maapulo. Kuyambira Januwale mpaka Epulo, mwini nyumba akakuwa kuti "txotx!" aliyense amadzuka ndi tambula yake kukatchera pa mgolo waukulu wamatabwa. Patebulo pamabwera mazira okazinga ndi nsomba ya bacalao, kenaka txuleta, chinthuli cha ng'ombe chochindikala chowotcha pa makala, chokwana anthu awiri, n'kumalizira tchizi cha Idiazabal cha mkaka wa nkhosa. Amenewo ndi a nazale? Anthu amene mpaka lero amapikisana kunyamula miyala ndi kudula zipika ndi nkhwangwa, inu n'kumati sadziwa kukhuta?

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ife otsala ndi amene tinasenza manyaziwo, kumwetulira ngati zitsiru, kugula zoonjezera kuti mayi uja asaganize kuti tonse ndife amodzimodzi. Kukankha mbale ya munthu ndi chipongwe kulikonse, ndipo kwa anthu awa n'koposa. Kumeneko magulu a anzawo amakhala ndi makhitchini awoawo otchedwa txoko, kumene amasonkhana kuphikirana okha. Kuphika sakuyesa masewera.

Ndipo poti ndayamba, ndimalize. Munthu yemweyo wadzaza Facebook ndi zithunzi, "Moni kuchokera ku Spain," atavala jezi ya Real Madrid pakati pa Bilbao. Inde mapu akuti Spain, palibe akutsutsa. Koma maso munasiya kuti? Zikwangwani zonse zili m'zinenero ziwiri. Chinacho ndi Euskara, chinenero cha a Basque chosagwirizana ndi Chisipanishi ngakhale Chifalansa, ndipo amachilankhulanso tsidya la France, cha ku Bayonne. Nthawi ya Franco, wolamulira mwankhanza wa Spain, kuyambira 1939 mpaka 1975, anachichotsa m'masukulu ndi m'maofesi, makolo n'kumaphunzitsa ana mobisa. Gernika, tawuni ya a Basque imene ndege za Germany ndi Italy zinaphulitsa pa 26 Epulo 1937, ili pafupi ndi Bilbao pomwepo. Athletic Club, timu ya mpira ya ku Bilbao, imangoseweretsa anyamata obadwira kapena okulira mu mpira wa dera lawolo, kuphatikizapo Iñaki ndi Nico Williams amene makolo awo anachokera ku Ghana. Inu zonsezo ayi. Ngakhale "eskerrik asko" wothokozera wogulitsa anakukanikani.

Ku Gaztelugatxe nako, masitepe 241 okwera kukachalitchi ka pamwamba pa thanthwe la m'nyanja, iye anajambulitsa m'munsi n'kubwerera kukakhala m'galimoto, ati mvula. Dziko lobiriwira chonchija mumayesa amathirira ndi ndowa? Ulendo wina musandiitane.