Inu owerenga zilembo zitatu zoyamba zokha, lekani

Ana inu, tamverani kuno. Khalidwe lomangoona zilembo zoyamba za mawu a Chingerezi n'kuyamba kumasulira mokweza ngati munabadwira ku London, lithe. Mudzapha munthu tsiku lina.

Mwezi watha mlongo wanga wodwala shuga anabwera kuchokera kuchipatala, buku lake lili m'manja. Mdzukulu wathu wa Fomu 4 analitsegula, kuona hypoglycemia, basi n'kulengeza kuti shuga wakwera, agogo asapatsidwe chotsekemera chilichonse. Madzulo ake mayiyo kuyamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mnyamata ali kukakamirabe zake. Chonsecho mawuwo amatanthauza kuti shuga watsika kwambiri, pansi pa 3.9 mmol/L pa kamakina koyezera shuga m'magazi, ndipo munthu wotere ngati akutha kumeza amafunika madzi a shuga msangamsanga. Shuga wokwera ndiye hyperglycemia. Onse awiri amayamba ndi h, y, p, onse anachokera ku Chigiriki, koma hyper ndi kupyola muyezo pomwe hypo ndi kuperewera. N'chimodzimodzi hypertension, BP yokwera kuyambira 140/90, ndi hypotension, yotsika. Mukasokoneza pamenepa mumwetsa munthu mapiritsi otsitsa BP yomwe yatsika kale. Ife anatipulumutsa ndi mayi wa nyumba yoyandikana, amene Chingerezi sadziwa koma matendawa akhala nawo zaka zambiri.

China chimene chimandiopsa ndi in wa kumayambiriro kwa mawu. Aphunzitsi anakuuzani kuti amakanitsa: incorrect n'cholakwika, incomplete n'chosatha. Sananame. Koma mukaona inflammable pa thanki ya petulo kapena pa chitini cha thinala, musamati ndiye kuti sichiyaka. Chimayaka, mwinanso kuposa udzu wa mu Okutobala! Mawuwa anachokera ku Chilatini inflammare, kuyatsa moto, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo la flammable. Ndiye wina ali ndi ndudu kukamwa, watsamira chigubu, ati ndawerenga. Wawerenga chiyani? Safunsa anadya phula.

Zina n'zongochititsa manyazi. Abwana akakuuzani kuti ndinu invaluable musatupe masaya, akuyamikira kuti ndinu ofunika kwambiri. Antenatal ndi sikelo ya amayi oyembekezera, pakuti ante ndi nthawi chinthu chisanachitike, apa mwana asanabadwe. Anti wa mu antibiotic ndi wina, wolimbana ndi chinthu.

Chimandipweteka n'chakuti foni zili m'manja usana ndi usiku, bandulo ya TikTok simusowa, koma kufufuza liwu limodzi mukuti n'kutaya nthawi. Namwino ali pomwepo, simumufunsa, kuopa kuoneka osaphunzira. Mdzukulu uja ndamuuza kuti buku la agogo ake asalikhudzenso mpaka atandilembera hyper ndi hypo ka 20 papepala, matanthauzo ake pambali.