Musamangogula kompuresa n'kuiwala chitsulo choigwirira

Okutobala akafika, dzuwa likayamba kuswa mtengo, aliyense amene ali ndi galimoto yakale ya dizilo amakumbukira kuti ili ndi eyakoni. Ndiye mumamva anthu akufunsana: kompuresa yabwino ndi iti, gasi akuthira kuti, mtengo wake bwanji. Funso limene sindimalimva, koma limene ine ndikuona kuti ndi lalikulu kuposa onsewa, ndi lakuti kompuresayo, pampu imene imayendetsa gasi wa eyakoni, ikhala pa chiyani.

Ine ndimayendetsa Mercedes-Benz 300D, ya thupi la W123, injini yake ya masilinda asanu yotchedwa OM617. Galimoto za mtundu umenewu zinapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, zina zinkalumikizidwa ku East London ku South Africa. Injini zake sizifa wamba, aliyense amene anakhalapo nayo akhoza kuchitira umboni. Eyakoni ndiye imakalamba msanga. Zina zinabwera ndi kompuresa ya York, chimphona cha mapisitoni awiri choimirira ngati kabokosi, cholemera komanso chogwedeza. Zina, monga yangayi, zinabwera ndi R4, yozungulira, ya mapisitoni anayi, yochokera ku General Motors. R4 imadziwika ndi kutayitsa mafuta ndi gasi pa silo yakutsogolo, chotsekera choletsa kuchucha, ndipo ikafa imamwaza tizitsulo m'mapaipi onse.

Chinanso n'chakuti makina onsewa anapangidwira gasi wa R12. Gasi ameneyu analetsedwa potsatira pangano la Montreal la 1987 chifukwa amawononga mpweya wa ozoni wotiteteza ku dzuwa, ndipo mayiko ngati athu ano anapatsidwa mpaka 2010 kuti amusiye. Amene amathiridwa masiku ano ndi R134a, yemwe amakankha mwamphamvu kwambiri kukatentha. Kompuresa yokalamba kale, n'kuipatsanso ntchito yolemera kuposa imene inapangidwira, mapeto ake mukuwadziwa.

N'chifukwa chake eni galimoto zimenezi, ku America, ku Ulaya ndi kuno komwe, amachotsa yakaleyo n'kuika ya Sanden, kampani ya ku Japan. Yotchuka ndi ija amati 508, ya mapisitoni asanu, kapena SD7H15 ya mapisitoni asanu ndi awiri. N'zazing'ono, sizigwedeza, sizilemetsa injini kwambiri zikagwira. Pamenepo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Anzanga ena amati galimoto yakale izikhala ndi zonse zimene inabwera nazo, kusintha n'kuiwononga. Ndimawalemekeza, koma yawoyo imagona m'galaja, imatuluka Lamlungu lokha. Yanga imanyamula ana ndi agogo awo kupita ku Nchalo.

Vuto ndi lakuti makutu a Sanden, momwe mumalowa mabawuti oimangira, sagwirizana ndi mabowo a pa injini ya Benz. Pafunika buraketi yatsopano yolumikiza ziwirizi. Ndipo apa ndi pamene ambiri timagwera.

Ulendo woyamba ndinachita zimene aliyense amachita. Ndinagula kompuresa ndi ndalama zambiri, ndiye zitatsala pang'ono ndinapita kwa wowotcherera wina. Anayang'ana injini, nati: "Osadandaula bwana, izi timapanga tsiku lililonse." Anatola zitsulo zotsala zopangira mageti, anadula, anawotcherera, anaika. Poyang'ana ndi maso zinkaoneka zowongoka. Sabata ziwiri zoyamba ndinkazizidwa bwino. Kenako lamba anayamba kulira m'mawa uliwonse. Ndinamangitsa. Anayambanso. Tsiku lina tikutsika chitunda cha ku Chikwawa, tisanafike pa Thabwa, ndinamva kuti phwa! pansi pa boneti, mpweya wozizira n'kuthera pomwepo. Nditaima ndinapeza lamba wathothoka, buraketi yang'ambika m'mbali mwenimweni mwa powotcherera, kompuresa ikulendewera pa bawuti imodzi ndi mapaipi. Paipi imodzi inali itachucha kale. Gasi yense anapita, ndipo mayi anga, omwe ndi achikulire, anayenda ulendo wonse wa kuchigwa m'ng'anjo.

Sindikumunyoza mnyamatayo. Manja ali nawo, ndipo geti lake likhoza kukhala zaka makumi awiri. Koma geti silikhala pa injini ya dizilo. Injini ngati OM617 imapanikiza mpweya pafupifupi ka 21 isanaphulitse mafuta, pomwe ya petulo yanthawi imeneyo sinkafika ndi theka lomwe. Kuphulika kulikonse ndi nkhonya. Ikani dzanja pa injiniyo ikungolira galimoto itaima, mumva mmene imanjenjemera. Tsono mangirirani pamenepo chinthu cholemera makilogalamu angapo, chotulukira kunja ngati nthambi, chokokedwa ndi lamba mbali imodzi, chomwe chimagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, nthawi iliyonse kilatchi yake ikalumikiza. Chitsulo chopyapyala chimapindika pang'onopang'ono, maso osaona, kambirimbiri pa mphindi imodzi. Mukudziwa mmene waya amadukira mukamamupinda uku ndi uku. Ndi zomwezo. Ndipo mng'alu umayambira pamene pawotchereredwa, chifukwa moto unasintha kale chitsulo pamenepo.

Kuwongoka kwa mapuli ndiye nkhani imene imandipweteka kwambiri, chifukwa siifuna ndalama, imangofuna kuleza mtima. Puli ya kompuresa, kagudumu koyendapo lamba, iyenera kukhala mzere umodzi ndi puli ya pa injini, osatsogola, osatsalira, osapendama. Diso silingayeze zimenezi. Pafunika chitsulo chowongoka, ngati lula, kuchigoneka pankhope za mapuli onse awiri n'kuona ngati chikukhudza bwinobwino. Kusiyana kwa mamilimita ochepa chabe, lamba amadyeka mbali imodzi, amatentha, amalira. Anthu akamva kulirako amamangitsa lamba kwambiri, osadziwa kuti akupha beringi ya puli ya kompuresa yatsopanoyo. Pakapita miyezi ingapo mumamva akuti kompuresa za masiku ano n'zachinyengo. Zachinyengo zilipodi, Sanden zabodza zadzaza pamsika. Koma zambiri zimene ndaziona zikufa zinaphedwa ndi chitsulo chokhota.

Kunja kuli timakampani timene timapanga maburaketi okonzedwera injini imeneyi, odulidwa ndi makina, obwera ndi mabawuti ake ndi chomangitsira lamba. Amadula, makamaka mukaphatikiza kutumiza ndi msonkho. Ndikudziwa kuti wina anena kuti ndalama imeneyo ndi matumba angati a feteleza, ndipo akunena zoona. Komabe werengani zimene ine ndinataya: gasi kawiri, mapaipi kawiri, malamba atatu, ndiye kuwonjezera tsiku lija pamsewu. Yotchipa ija inandidyera zambiri kuposa yodula.

Sikuti ndikunena kuti kuno sitingapange yathu. Yachiwiri yomwe ili pagalimoto yanga lero inapangidwa konkuno, ndi madala ena amene anagwira ntchito pa makina osema zitsulo moyo wawo wonse. Iwo sanayambe ndi moto. Anayamba ndi katoni, kudula chithunzi cha buraketi, kuyesa, kudulanso. Anatenga chitsulo chochindikala mamilimita 8, anaboola mabowo pa makina, osati kuwotcha ndi ndodo yowotcherera ngati mmene ena amachitira. Anagwiritsa mabowo omwe analipo kale pa injini pomwe pankakhala R4. Anagwira makutu onse a kompuresa, akutsogolo ndi akumbuyo, chifukwa ukagwira kutsogolo kokha kumbuyo kumavina. Anawonjezera kachitsulo kochirikiza pangodya. Mabawuti anakana a m'sitolo ya hadiweya, anafuna olimba kwambiri, olembedwa 10.9 pamutu, n'kupaka mankhwala oletsa kumasuka. Ndiye anasema timachubu tachitsulo toika pakati kuti puli ifike pamzere ndendende, m'malo mounjika mawashala. Zinatenga masiku atatu. Nditawafunsa kuti bwanji zikuchedwa, anangoti: "Mwana wanga, ukufuna ubwerenso?"

Anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa, choti Sanden sumaigoneka mmene wafunira. Kachitseko kothirira mafuta sikayenera kupendama kupitirira madigiri 90 kuchoka pamwamba, apo ayi mafuta safika pomwe ayenera kufika. Wopanga buraketi ayenera kudziwa zimenezi asanadule chitsulo, osati pambuyo pake.

Zina zotsalazo amakaniko a eyakoni amazidziwa, bola musawathamangitse. Mapaipi atsukidwe kuchotsa mafuta akale, chifukwa mafuta a R12 sayenda ndi R134a, pafunika a PAG. Dirayala, kabotolo kochotsa chinyezi mu gasi, asinthidwe, musanyengerere. Mapaipi ofika pa kompuresa apangidwe atsopano, aatali mokwanira kuti injini ikamagwedezeka asamakokeke. Mpweya upopedwe wonse musanathire gasi, ndipo R134a amathiridwa wocheperako poyerekeza ndi muyezo wa R12 wolembedwa pagalimoto. Ngati thumba likulola, kondensa yatsopano ya timapaipi tambiri topyapyala, yoziziritsa gasi kutsogolo kwa galimoto, imathandiza kwambiri pa mzere wa magalimoto m'tauni.

Ndipo izi si za Benz yokha. Land Cruiser yakale, Hilux ya injini ya 2L kapena 3L, minibasi imene munasintha injini koma buraketi siinabwere nayo, nkhani ndi yomweyi.

Amene amati chotsani zonsezo, tsegulani mawindo basi, ndikuwapempha adzayende kuchoka pa mlatho wa Kamuzu kupita ku Nsanje masana a Novembala ali ndi khanda kumbuyo. Mphepo yolowa pawindo kumeneko imawotcha nkhope, ndipo woyendetsa akatopa ndi kutentha maso amalemera. Kwa ine eyakoni si yonyadira ayi.

Buraketi ya madala aja yatha nyengo zitatu zotentha tsopano. Nthawi iliyonse ndikamasintha oyilo ndimagwada ndi tochi, kuyang'ana m'mbali mwa powotcherera ngati pali kamzere ka dzimbiri, ndimayesa mabawuti ndi sipanala, ndimagonekanso lula pa mapuli. Lamba akadali yemwe uja anaikidwa tsiku loyamba.