Mabuleki akutsogolo sasinthidwa mbali imodzi

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo alamu anga ananditenga pa galimoto yawo, akunyadira kuti Loweruka anakonza okha mabuleki pakhomo, kwa makaniko sanapondeko. Ine ndinawayamikira ndithu. Tikuyenda choncho, galu anangotulukira mumsewu. Alamu anaponda buleki mwamphamvu, koma galimoto m'malo moima chilunjikire inakhotera kumanja ngati wina wawatsomphola chiwongolero. Tinakaima tayala limodzi litadutsa mzere wapakati. Kukanakhala kuti kutsogoloko kukubwera lole, bwenzi lero mukuwerenga uthenga wa mtundu wina.

Mtima utakhala m'malo ndinafunsa kuti, "Alamu, kodi munasintha chiyani kwenikweni?" Iwo osachita ndi manyazi omwe: "Disc ndi ma pad a kumanzere. Kumanjaku sikumalira ayi."

Sikumalira! Ndiye kuti tizidikira chitsulo chilire kaye ndi pamene tidziwe kuti chatha?

Abale, mabuleki akutsogolo amasinthidwa mbali zonse ziwiri, tsiku limodzi. Mwasintha disc kumanzere, chimbale chachitsulo chimene chimazungulira limodzi ndi tayala, sinthaninso kumanja. Mwaika ma pad atsopano tayala ili, tizidutswa timene timapana disc kuti tayala liime, ikaninso linalo. Palibe zoti mbali inayo tidzaona mwezi ukatha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pedulo ya buleki ndi imodzi. Mukaiponda, mafuta a buleki amakankha ma caliper onse awiri, zitsulo zimene zimapanitsa ma pad pa disc, ndi mphamvu yofanana. Tsono mbali imodzi kuli disc yatsopano ndi ma pad amene sanakhazikike, mbali inayo kuli disc yodyeka, ya mizeremizere, ndi ma pad akale amene anazolowerana nayo. Zimenezi zingagwire mofanana bwanji? Tayala limodzi likuima, linzake likufuna kuthamangabe, ndipo galimoto imatsata kumene kwagwira kwambiri. Mukamayenda pang'onopang'ono simumva kanthu, n'chifukwa chake alamu ankati zonse zili bwino. Zimadzaonekera tsiku limene mwaponda mwadzidzidzi, tsiku lomwelo limene mukuwafunitsitsa mabulekiwo. Komanso kumbukirani kuti mukaponda buleki kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, choncho matayala akutsogolo ndi amene amasenza ntchito yaikulu yoimitsa. Pamenepo ndi pamene munthu wasankha kuchitapo zachidule!

Chandipsetsa mtima kwambiri n'choti ma pad akutsogolo amabwera anayi m'bokosi limodzi. Anayi. Awiri tayala ili, awiri tayala linalo. Wopangayo anakuwerengerani kale. Alamu anaika awiri, enawo anawasunga mu buti, ati adzagwira ntchito mtsogolo. Mtsogolo mwake muti? Munthu wagula kale, jeke ili pomwepo, sipanala ili m'manja, manja ada kale, koma kuzungulira mbali inayo ndiye kwamukanika. Ndalama zavuta, tonse tikudziwa, koma apa panalibe za ndalama. Ndi ulesi basi.

Ndiye wina andiuza kuti, "Koma mbali inayo ma pad anali akadali okhuthala." Chabwino, ndiye dzifunseni: zatheka bwanji kuti mbali imodzi ithe inzake ikadali yokhuthala, pamene zinaikidwa tsiku limodzi n'kuyenda mtunda umodzi? Pamenepo pali chimene chagwira. Mwina ndi ma pin amene caliper imatsetserekapo, auma kapena achita dzimbiri. Mwina ndi piston, kachitsulo ka mu caliper kokankha ma pad, imene sikubwerera. Mukangoikapo zatsopano osachotsa ma pin aja, kuwapukuta n'kuwapaka girisi wake wa mabuleki, ma pad atsopanowo adyekanso chimodzimodzi, ndipo mudzati munagula zabodza. Girisi wake ndikunena, osati aliyense amene mwamupeza m'chitini, chifukwa wina amatupitsa timalabala totchinga ma pin aja.

Disc saiyeza ndi maso. Pa disc penipenipo amadindapo manambala, nthawi zambiri pali zilembo zoti MIN TH, kusonyeza pamene iyenera kulekezera kupyapyala. Yezani zonse ziwiri. Imodzi ikafika pamenepo, zonse ziwiri zichoke. Ma pad nawonso akatsala mamilimita 3 ayamba kutsanzika, musadikire kuti chitsulo chikhulane ndi chitsulo. Ndinawafunsa alamu ngati anayeza. Anati anagwira ndi chala. Chala!

Ndinafunsanso ngati disc yatsopanoyo anaitsuka. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilendo. Disc yatsopano imabwera itapakidwa timafuta toiteteza ku dzimbiri, ndipo timafuta timeneto mumatichotsa ndi brake cleaner, mankhwala otsukira mabuleki, musanaimange. Iwo anangoitulutsa m'pepala n'kuiveka. Ndiye taganizani, kumanzere kuli disc ya mafuta, kumanja kuli yakale youma. Mukudabwa kuti galimoto inathawira kumanja?

Sindikuletsa munthu kukonza galimoto yake pakhomo, musandimve molakwa. Ntchito imeneyi si yamatsenga. Amene ali ndi zida ndi kudekha amaigwira bwinobwino: amapala dzimbiri pamene disc imakhala kuti isamagwedezeke, amamangirira caliper ndi waya kuti isalendewere pa paipi ya mafuta, amamanga mabawuti pa mlingo wake, akamaliza amapopa pedulo mpaka ilimbe galimoto isanasunthe, kenako amayenda modekha masiku oyamba kuti ma pad akhazikike. Koma zonsezi amachita kawiri. Kumanzere ndi kumanja. Ngati mphamvu zanu zikukwana tayala limodzi lokha, musayambe n'komwe, isiyeni galimotoyo iime. Theka la buleki si buleki. Mumsewumo simuyenda nokha, muli ana a eni, muli apanjinga, muli ine amene ndinangokwera mwaulemu. Alamu anapepesa, inde, koma pepani sapoletsa chilonda.

Ndipo pofuna kundionetsa kuti ntchito anaigwira okha, anatulutsa foni kundionetsa chithunzi. Mutu ndi phewa zili mkati mwa malo a tayala, galimoto yonse itatsamira pa kajeke kakang'ono kaja kosinthira tayala panjira. Popanda ma stand, zitsulo zochirikizira galimoto ikakwezedwa, ngakhale kulowetsa pansi tayala lomwe anachotsalo, ayi. Pansi pake ndi pa dothi. Kajeke kameneka ntchito yake n'kunyamula galimoto mphindi zochepa, osati kuti munthu azikoka bawuti yolimba ndi mphamvu zake zonse galimoto ikugwedezeka pamwamba pake. Ndipo amene anajambula chithunzicho ndi mwana wawo wa zaka 9, ataima pafupi pomwepo. Achemwali anga sanachione chithunzichi. Ndiwatumizira madzulo ano.