Zoti tiziyatsa nyumba ndi mabatire a galimoto zakutha, ine maganizo anga ndi awa

Abale anga okonda za sola, nkhani iyi yazungulira mokwanira m'magulu a WhatsApp ndi pano pa Facebook, mavidiyo aja a anthu a ku America, ku Australia ndi ku New Zealand akumasula batire ya galimoto yamagetsi yomwe inachita ngozi n'kuisandutsa batire ya pakhomo, ndiye aliyense akuti eee apa ndiye mdima tausanzika, tingoitanitsa ya Nissan Leaf basi. Ine ndikuti nzeruyo ndi yabwino ndipo imagwiradi ntchito, si bodza ayi. Koma mmene tikuitengera kunoku ikundipatsa mantha, chifukwa tangoona kutchipako, zonse zomwe anzathuwo amachita asanayatse olo babu limodzi palibe akuzikamba.

Ndiyambe ndi zabwino zake kuopa mungati ndi nsanje. Batire ya galimoto ikafooka n'kutsala ndi mphamvu ngati 70 peresenti mwini wake amayamba kudandaula kuti siyikumufikitsanso kutali, koma nyumba ilibe nazo ntchito zimenezo. Galimoto imafuna mphamvu yambiri nthawi imodzi, pokwera chitunda, popitirira lole, pomwe firiji, TV ndi mababu zimangoyamwa pang'onopang'ono mpaka kucha. Leaf yoyamba ija inatuluka mu December 2010 ili ndi batire ya 24 kWh, kunena kwa ife ogula magetsi a pa mita ndi mayunitsi 24, ndiye olo itatsala 70 peresenti amenewo ndi mayunitsi pafupifupi 17, si masewera. Eni akewo a Nissan anaziona kalekale, mu 2010 momwemo anayambitsa kampani ya 4R Energy mogwirizana ndi Sumitomo, ndipo mu 2018 anatsegula fakitale ku Namie m'chigawo cha Fukushima yoyeza ndi kusankha mabatire akale. Chaka chomwecho bwalo la timu ya Ajax ku Amsterdam, Johan Cruijff ArenA, linaika chosungira magetsi cha 3 MW chokwana mabatire a ma Leaf 148, ena atsopano ena ogwirapo kale ntchito.

Koma mwamva pamene ndati fakitale yoyezapo? Pagona nkhani ndi pamenepo. Anthu omwe anapanga batireyo, omwe akuidziwa mkati ndi kunja, sanangoitenga n'kulumikiza, anamanga kaye malo oyezera. Ife tikufuna tigule kwa munthu wa pa intaneti yemwe wangolemba kuti ili bwinobwino bwana, inangoyenda pang'ono.

Anthu akumati ndi chimodzimodzi kaunjika, ndipo inenso kaunjika ndimavala, sindikunyoza. Koma shati ya pa kaunjika umaitambasula, kuyang'ana kukhwapa, kuona ngati kolala yatha, n'kuyamba kunenerera. Batire ilibe kolala yoti uione. Ma module a Leaf yoyamba ija, zidutswa zomwe zimapanga batireyo, ndi timabokosi ta chitsulo tophwatalala, 48 mu batire imodzi, kalikonse kolemera makilo osafika anayi, mkati muli maselo anayi, pamwamba pali mabawuti atatu, awiri a mbali ndi a pozitivu ndi negetivu, lapakati ndi loyezera. Ka module kabwino ndi kakufa kunja timaoneka chimodzimodzi, kupatula kamene kafufuma, ndipo kofufumako musakagwire n'komwe olo akupatseni ulere. Mukaika mita pa kakufa kakuonetsanibe mavoti 7.6 mwaulemu wake, inu n'kumati dilu yatheka. Mavoti sanena kuti muli mphamvu yochuluka bwanji. Njira yake ndi yotopetsa, kukatchaja mpaka kudzadza, kukalumikiza ku chinthu chodya magetsi odziwika, n'kumawerenga kuti katulutsa ma Ah angati kasanathe, Ah ndiwo muyezo wa kuchuluka kwa magetsi omwe kasunga. Katsopano kamakhala cha m'ma 65 Ah, kakale mupeza kena 48 kena 40 kena 30, ndipo mukatiphatikiza pamzere umodzi onsewo amayendera kofooka kaja, kakangotha iko batire yonse yathima. Batire ikadali m'galimoto n'kosavutako, pali pulogalamu ya pa foni yotchedwa LeafSpy yomwe imawerenga thanzi la batire kudzera pa kachipangizo ka OBD kolumikiza ku kompyuta ya galimoto, koma ikangomasulidwa n'kugulitsidwa zidutswa mbiri yonse yatayika, simungadziwe ngati inakhala m'madzi osefukira, ngati inagundidwa, kaya inakhala zaka pa dzuwa ku sikirapu.

Tiwerengereko pang'ono poti masamu ndi amene anthu akuwathawa. Inveta ya mavoti 48 imafuna ma module 7 olumikizidwa motsatana. Atsopano angakupatseni mayunitsi atatu ndi theka, akale a 70 peresenti aja ndi awiri ndi theka osakwananso, ndipo simungawakame mpaka kumapeto ngati mukufuna akhalitse, ndiye tinene kuti mayunitsi awiri. Firiji yapakati payokha imadya yuniti imodzi kapena kupitirira patsiku. Onjezani TV, dikoda, mababu, kutchaja mafoni a nyumba yonse ndi a aneba, mufika m'mawa movutikira. Wina akangoika nyemba pa hotipuleti ndiye iwalani, maola awiri sakwana. Kuti zikome pamafunika mizere itatu kapena inayi ya ma module 7, kutanthauza theka la batire yonse ya galimoto, ndipo apa mtengo uja sukhalanso wa bonya ayi.

China chomwe chikusokoneza anthu kwathu kuno, ma Toyota Aqua, ma Prius ndi ma Honda Fit a hybrid omwe adzadza m'misewumu si galimoto zamagetsi zomwe akunena m'mavidiyomo. Batire ya Prius yakale ndi ya 1.3 kWh basi, ya Aqua yoyamba siyikwana n'komwe yuniti imodzi, ndipo ma Toyota awiriwa ndi a mtundu wina wa nickel, si lithium. Ntchito yake ndi kuthandizira injini kwa kanthawi, osati kusunga magetsi a usiku onse. Ndiye makaniki akakuuzani kuti ndili ndi batire ya hybrid yabwino pa sola, mupatseni moni mudzipita. Ma Leaf enieniwo kuno ndi owerengeka, pomwe ku New Zealand anaitanitsa ambirimbiri kuchokera ku Japan, n'chifukwa chake munthu kumeneko amangopita ku sikirapu ya pafupi, kuyeza yekha, kusankha, ikavuta kubweza. Ife tiyenera kuitanitsa kunja ndi madola osowawa, kwacha inagwa kale ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mabatire a lithium pa mayendedwe amawerengedwa ngati katundu woopsa, owonongeka saloledwa n'komwe mu ndege. Ikafika ili yakufa mukadandaula kwa ndani?

Tsopano za moto, pamene ndikufuna mumvetsere bwino makamaka inu a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Salima. Batire ya ma Leaf akalewa inapangidwa yopanda madzi oziziritsira, ndipo kutentha ndiye mdani wake wamkulu. Mu 2012 eni ma Leaf ku Phoenix, Arizona anadandaula kwambiri kuti mabatire awo akufooka msanga chifukwa cha dzuwa la kumeneko. Nanga m'kachipinda ka malata kopanda siling'i mu October, chitseko chokiya kuopa akuba? Kufookako n'kwabwinoko. Selo ya mtundu umenewu ikapitirira mavoti 4.2 potchaja, kapena ikakhala kuti inavulala mkati pa ngozi ija, imatha kuyamba kudzitenthetsa yokha, n'kuyatsa inzake, inzake n'kuyatsa inzake, ndipo moto wake si wothira ndowa imodzi ayi, umatulutsa utsi wapoizoni komanso umatha kudzukanso mutaganiza kuti wazima. Ma module a Tesla Model S, aja a mayunitsi asanu kamodzi okhala ndi timaselo 444 mkati, ndiye olusa kuposa a Leaf. M'mavidiyomo taonani bwino komwe amaika mabatirewa, ambiri ndi mu shedi kapena garaja kutali ndi pogona, mu bokosi la chitsulo. Ife ndikudziwa tiika kuseri kwa sofa pabalaza, kapena kuchipinda kwa ana poti ndi komwe kuli malo.

Chimene chimateteza zonsezi ndi BMS, kabolodi kamene kamayang'anira selo iliyonse payokha n'kudula magetsi ikaona kuti ina yakwera kwambiri, yatsika kwambiri kapena yatentha. Apa ndi pamene timakonda kudulira ndalama, ndamvapo anthu akuti tchaja kontirola ndi yokwanira. Siyokwanira. Kontirola imaona mavoti a batire yonse pamodzi, siyingadziwe kuti pa maselo a m'ma module 7 aja imodzi yathamanga kufika 4.4 pomwe zinzake zili pa 3.9. Odziwa amatchaja kulekeza 4.0 kapena 4.1 pa selo, amamanga ma module ndi ndodo za mabawuti kuti asafufume, amaika fyuzi pafupi penipeni ndi batire, ndipo bureka yake imakhala ya DC, magetsi a batire, osati ija ya mu hadiweya ya AC, magetsi a m'nyumba, chifukwa moto wa DC ukathetheka suzima wokha msanga ngati wa AC. Sipanala amazikulunga tepi. Mphete ndi wotchi amavula. Sipanala imodzi ikagwera pa mabawuti awiri imafiira pompo.

Ndipo amene mukuganiza zogula batire yonse yathunthu kuti mumasule nokha, chinthucho n'cholemera makilo pafupifupi 300 ndipo chikadzadza chimayandikira mavoti 400 a DC. Mawaya ake a olenji aja sanawapake mtundu umenewo kuti akongole. Pali pulagi pakati yomwe imayamba kuchotsedwa kuti igawe batire pawiri, komabe theka lililonse limatha kupha munthu. Luso lolumikiza mapanelo ndi batire ya mavoti 12 ndi lina, ili ndi linanso, ndipo ndikunena izi mwaulemu kwa amisiri athu omwe ambiri mwa iwo ndi anzeru kwabasi.

Chomwe chandipangitsa kuti ndizizire nazo kwambiri ndi mtengo wa zatsopano. Zaka khumi zapitazo lithium yatsopano inali ya mabwana okhaokha, ndiye kusakasaka ma module akale kunali ndi phindu lenileni. Pano zinasintha, ofufuza a BloombergNEF anapeza kuti mu 2024 mtengo wapakati wa batire ya lithium unatsika kufika madola 115 pa kWh, pomwe cha m'ma 2010 unali wopitirira 1,000. Inde mtengo umenewo si womwe tiupeze m'mashopu a ku Limbe kapena ku Area 2, kuno amaonjezera mayendedwe, msonkho ndi phindu lawo, koma kutsikako kwafika ndithu. Ndipo zatsopanozo zambiri ndi LiFePO4, mtundu wa lithium wopirira kutentha komanso wovuta kuyaka poyerekeza ndi wa m'ma Leaf ndi ma Tesla akale aja, zimabwera ndi BMS yake mkati, zimalankhulana ndi inveta, zina ndi waranti. Okonda kupanga okha akumagula maselo 16 atsopano a 280 Ah n'kupeza mayunitsi 14, onse ofanana msinkhu. Mukaphatikiza ma module akale, BMS yabwino, mafyuzi, mawaya okhuthala, bokosi, chipangizo choyezera, ndi ma module angapo omwe mutaye chifukwa afooka, kusiyana kwake kumatsala kochepa moti sindikuona chifukwa chogonera ndi nkhawa.

Ndikumvetsa chomwe chikutithamangitsa. Tonse tikukumbukira 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira mu January n'kutichotsera pafupifupi 130 MW, anzathu a ku Zambia anaona zakuda mu 2024 madzi atatsika ku Kariba, ndipo mabatire a asidi atitopetsa, ya 200 Ah umangogwiritsa theka lake ukafuna ikhalitse, zaka ziwiri zitatu yagona. Koma ya asidiyo ikafa anyamata a sikirapu amaigula chifukwa cha mtovu. Ma module a lithium akafa m'manja mwathu apita kuti, kudzala komwe ana amasewera ndipo timayatsako moto madzulo aliwonse?

Ndiye amene ndingamuuze kuti pitirizani ndi uyu, wodziwa kale zamagetsi, amene ali ndi choyezera ma Ah osati mita ya mavoti yokha, amene batireyo waiona ikadali m'galimoto kapena wogulitsa wavomera kuti ayeze ka module kalikonse asanapereke ndalama, ndipo ali ndi kanyumba kapadera ka njerwa kolowa mphepo kutali ndi kogona. Achimwene athu a ku Britain ndi ku Joni omwe mukutumiza mavidiyowa kumudzi, chonde tumizaninso ndalama ya BMS ndi fyuzi, musamangotumiza linki kkkk. Ndipo alipo omwe munagula kale ma module amenewa, tatiuzeni kuti mutayeza munapeza ma Ah angati, osati omwe anakuuzani wogulitsa, komanso mwaika pati m'nyumbamo.