Chitseko cha ku Mars chandithera bandulo

Alamu anga anditopetsa nazo zithunzi za ku Mars, imodzi mwa mapulaneti ozungulira dzuwa. Usiku, tulo tikuvuta kale ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi, foni imangolira: "Alamu, taonani chitseko ichi! Kumeneko kuli anthu, azungu akungotibisira."

Chithunzicho n'chenicheni, sindikukana. Chinajambulidwa ndi Curiosity, kagalimoto ka NASA, bungwe la ku America lofufuza zam'mlengalenga, kamene kakhala kakuyendayenda kumeneko kuyambira 2012. Koma chitseko chimene anthu anachichitira phokoso mu 2022 ndi mng'alu chabe wa m'thanthwe, msinkhu wake pafupifupi masentimita 30. Ngakhale mbuzi ingachite kugwada polowa.

Alamuwo ndinawauza kuti maso a munthu sachedwa kupeka nkhope, kaya pamtambo kaya pakhoma lochucha. Mwala wa Mphini uli pompano ku Cape Maclear, mizere yake ngati wina anachita kutema ndi lumo, chikhalirecho ndi ntchito ya dzuwa ndi mvula. Iwo ayi ndithu, ati wakunowu ndi mwala, wa ku Mars ndi nyumba.

Dzulo anditumizira vidiyo ina, mwala atauzunguliza ndi mzere wofiira, ati mutu wa chambo. Bandulo yonse psiti, ndisanatumize n'komwe mtengo wa usipa kwa kasitomala wanga wa ku Limbe.