Manja a odikirira odwala palibe akuwalabadira

Nkhani ya ukhondo wa m'chipatala ikabuka, zala zonse zimaloza anesi ndi madokotala. Ine ndikuti manja amene amagwira wodwala kwambiri ndi athu, ife mabedisayida, achibale odikirira odwala. Taganizirani usiku mu wadi, kaya m'zipatala za ku Lusaka monga UTH (University Teaching Hospital), Levy Mwanawasa kapena Chawama. Asista ali ndi mabedi ambirimbiri oti awone. Wotembenuza wodwala, kumumwetsa phala, kukataya mkodzo ndi kuchapa chitenje chimene wadetsa ndi mchemwali wake kapena azakhali. Munthu ameneyu ndani anamukhazika pansi n'kumuuza nthawi yosamba m'manja?

Lipoti la 2022 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linati m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, odwala 15 pa 100 alionse ogonekedwa m'chipatala amatenga matenda ena ali momwemo, pamene m'mayiko olemera ndi 7. Munthu anabwera ndi mwendo wothyoka, mawa lake watentha thupi, bala latukusira. Kunyumba timayamba kusakasaka amene wamulodza, osayang'ana zikhadabo zathu.

Chimandiwawa kwambiri ndi kanyula. Kapulasitiki kamene amakabaya padzanja poika dripi kamalowa mumtsempha, ndiye kachirombo kakafika pamenepo kalowa m'magazi mosavuta. Koma muone ife! Pulasitala ikamatuka timaikanikiza ndi chala chomwe changolandira chenji pogula nthochi pageti. Dripi ikaima timaigwiragwira kuti iyende. Mayi amene wachitidwa opaleshoni pobereka, apongozi amafuna avundukule bandeji aone ngati bala likuuma. Ndi chikondi, inde, sindikukana. Koma nesi asanagwire bala amasamba, n'kuvala magolovesi ongomatula kumene, n'kutenga zitsulo zophikidwa m'makina a nthunzi. Apongozi aja angotsika basi ku City Market.

Nthawi yoona odwala ndiye zimanyanya. Gulu la kutchalitchi limapereka moni wa m'manja bedi ndi bedi, khanda lobadwa dzulo, mchombo usanaume, lizungulire m'manja mwa aliyense. Nsima ikafika tonse timasamba m'beseni limodzi, womaliza akusamba litsiro la anzake. Bwanji osathirirana ndi kapu?

Magolovesi nawo atipusitsa. Wina avala peyala imodzi, akataye chimbudzi cha wodwala, abwere asende lalanje, ayankhe foni, mtima uli m'malo poti wavala. Wadziteteza yekha, wodwala ayi. Ngakhale anesi amaphunzitsidwa kusamba akangovula, chifukwa golovesi imabooka osaoneka ndipo povula umadzidetsa.

Zimenezi zinadziwika kale. Mu 1847 ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ambiri akufa ndi matenda otentha thupi atabereka mu wadi imene ophunzira udokotala ankalowa akuchokera kong'amba mitembo. Atalamula kuti azisamba m'madzi a kolorini, imfa zinatsika kwambiri miyezi yomweyo. Anzake ambiri anamunyoza, poti bwana sauzidwa kuti manja ake ndi akuda. Mtima umenewo tili nawo mpaka lero. Ndani angauze amalume kuti, “Pepani, yambani mwasamba musanamugwire”?

Chodabwitsa n'chakuti timatha. Kolera itavuta mu Januwale 2024, bwalo la mpira la Heroes Stadium ku Lusaka litasanduka chipatala, sukulu zitachedwa kutsegulidwa, ndowa ya madzi a kolorini inali pakhomo lililonse ndipo palibe ankatsutsa. Mliri utazilala, ndowa zija zinauma, zina zasanduka zotungira madzi.

Ndikudziwa wina alemba pansipa kuti pampopi wa mu wadi nthawi zina sipatuluka kanthu. Zoona, ndipo oyendetsa zipatala ayankhepo pa zimenezo. Komabe sanitayiza imangofuna masekondi 20 mpaka 30 kutikita mpaka iume, sopo ndi madzi masekondi 40 mpaka 60. Manja akaoneka akuda, kapena wodwala akutsegula m'mimba, apo pafunika sopo basi.

Pempho langa kwa akuluakulu a mawadi ndi ili: wodwala akamagonekedwa, wodikirira naye auzidwe m'Chinyanja chomveka kuti asambe asanadyetse, akachoka kuchimbudzi ndiponso akagwira zonyansa, komanso kuti kanyula ndi bandeji si zake, zikavuta aitane asista. Ife tikamalongedza fulasiki ndi bulangete, tiponyemo sopo ndi chowengera zikhadabo.