Inu Ogulitsa Minda Kuti Mukachone, Imani Kaye Mumve

Ana anga, ndi inu anzanga amene imvi zayamba kale kumera, khalidwe limene labuka pakati pathuli landikwana, ndipo sindikhalanso chete. Munthu akugulitsa munda umene agogo ake anaswa mphanje ndi manja awo. Wina akugulitsa nyumba ya malata ku Ndirande kapena ku Area 25. Winanso, bambo wamkulu ndithu, akutapa penshoni yake ya uphunzitsi n'kukaipereka kwa mnyamata amene sanaonanepo naye maso ndi maso, wongodziwana naye pa WhatsApp, poti walonjeza ntchito kunja. Ukamufunsa kuti mapepala ako ndi otani, yankho lake n'loti, “Tikaonera komweko.” Mukaonera chiyani kwa eni ake, kumene mulibe mfumu, mulibe malume, mulibe ngakhale manda a kwanu?

Musandimve molakwa. Sindikuletsa munthu kupita kunja. Zinthu zathina kuno, tonse tikuona. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene amalandira malipiro a pamwezi akudziwa mmene thumba la feteleza linawathawira. Nyumba zambiri zooneka bwino ku Mzimba ndi ku Mangochi zamangidwa ndi thukuta la kuJoni. Chimene ndikudzudzula ndi kachokedwe kake: kuchoka ngati munthu amene sadzakalamba, sadzadwala, sadzafunanso pogona kwawo.

Ulendowu sunayambe ndi inu. Azibambo athu anapita ku Wenela, kenako ku Theba, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu. Patapita zaka zochepa ntchito inatsegukanso, koma mu 1988 khomo linatsekekeratu pa mkangano wa kuyeza magazi. Amene anabwerako ndi njinga, wailesi ndi masutikesi a zitsulo tinkawasirira. Lero pitani mukawaone. Ambiri akalamba akutsokomola fumbi la mumgodi, akuyendera maofesi kulondola ndalama zawo, ena amwalira asanazione. Koma iwowo anali ndi chinthu chimodzi chimene inu mukutaya dala: anabwerera n'kupeza munda ulipo. Anafikira pa dothi lawo, anadya chimanga chawo.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi abale athu a ku Zimbabwe, ndipo nkhani yawo muimvetsetse. Makolo awo anachoka ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Anakhazikika, anakwatira, anabala ana, Gule Wamkulu n'kumavinidwa m'makomboni a kumeneko. Kwawo analeka kulembako makalata, tinawatcha matchona. Zaka zinkapita, iwo n'kumati kuno ndi kwathu basi. M'chaka cha 2000 mafamu atayamba kulandidwa, ntchito inatha, nyumba ya pakomboni inathera pomwepo. Mzimbabwe mnzawo anali ndi mudzi wothawirako, iwo analibe. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ambiri obadwira komweko anapezeka kuti chiphaso chawo chikuwatchula kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndi amene anabweza unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo, komabe ena mpaka lero akuvutika kupeza mapepala. Tangoganizani gogo wa zaka 80, wolankhula Chichewa chomveka bwino, amene kumene anakulira akumuuza kuti ndi mlendo, kwinaku ku Dedza kumene bambo ake anachokera palibe amene akumudziwa. Anthu amenewa sanali zitsiru. Anangokhulupirira kuti mmene zinthu zilili lero ndi mmene zidzakhalire mpaka kalekale. Inunso ndi zomwezo mukukhulupirira.

Tibwere kwa inu a kuJoni. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, ngati mlendo wodzacheza, osati wodzagwira ntchito. Mumadziwa zimenezi pokwera basi yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, koma mumanyamuka mutatsimikiza kale mumtima kuti masikuwo mudzawapyola. Chiyambire 2014, wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo, ndipo amene wapyola ndi masiku oposa 30 chiletso chake chimafika zaka 5. Akakugwirani, njira ndi ya ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kumene anthu amasungidwa podikira kubwezedwa kwawo. Mu 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi obwera. Mu 2015 zinabukanso ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Mu 2025 tinamva za a gulu lodana ndi obwera la Operation Dudula akuima pa zipata za zipatala kubweza obwera. Zonsezi mukuzidziwa kuposa ine. Koma funso langa ndi lina: mukamadzafika zaka 60, msana utakana kugwira m'gadeni ya mzungu, mudzadya chiyani? Ndalama imene boma la kumeneko limapereka kwa okalamba ndi ya nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwawo ovomerezeka. Wopanda mapepala, ngakhale atagwira ntchito zaka 30, salandira kanthu. Abwana akangosamuka kapena kumwalira, inu mwatsala ndi chikwama cha zovala.

Za ku Britain ndiye zapenga nazo mitu ya anthu ophunzira, amene ndinkayesa kuti ndiwo azichenjeza anzawo. Mu 2022 dzikolo linatsegula khomo kwa osamalira okalamba ochokera kunja, ndipo madobadoba anabadwa tsiku lomwelo. Anayamba kugulitsa kalata ya bwana yoitanira munthu ku ntchito pa ndalama zoti mungagule nazo puloti n'kumanga. Mverani bwino: kalata imeneyo sigulitsidwa. Malamulo a kumeneko salola kuti wantchito alipiritsidwe kuti apatsidwe ntchito. Amene akukuuzani mtengo wake ndi wakuba, kaya amapemphera nanu mpingo umodzi, kaya ndi mwana wa azakhali anu. Ena anafika n'kupeza kuti kampani imene inawaitana ilibe ntchito yoti iwapatse. Kampani ikalandidwa chilolezo, wantchito amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze bwana wina, apo ayi azibwerera. Viza imeneyo silola kulandira thandizo la ndalama la boma, choncho lendi ikakuvutani mulibe kolirira. Mu Malichi 2024 analetsa osamalira okalamba kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Mu Julayi 2025 anatsekeratu khomo lolembera antchito atsopano a mtunduwu kuchokera kunja. M'zaka zitatu zokha malamulo atembenuka chonchi, inu n'kumagulitsa nyumba imene munaimanga zaka 15 podalira malamulo omwewo. Ndipo ngati alipo amene akukulonjezanibe ntchito yosamalira okalamba ku UK lero, dziwani kuti akugulitsani chinthu chimene kulibe.

Atsikana, inu ndikuuzani mwachidule. Mu 2024 atolankhani a BBC anaulula za amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapulumutsidwa ku Oman, kumene anapita atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali akapolo a m'nyumba, pasipoti italandidwa, ena akugwiriridwa. M'maiko a kumeneko chilolezo chako chimamangiriridwa kwa bwana wako, ndipo ukathawa wolakwa ndiwe. Munthu wokugulira tikiti mwaulere amakhala atawerengera kale mmene adzaibwezere pa thupi lako.

Palinso khalidwe lina lochititsa manyazi, lopita ndi viza yokacheza kapena ya msonkhano wa tchalitchi n'kukazimiririka. Mumati ndi nzeru. Onani zipatso zake: mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba kulamula kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza azisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo chifukwa chimene linapereka ndi kuchuluka kwa opyola masiku. Mayi wofuna kukaona mdzukulu wake wobadwa kumene walipira mlandu wa inu.

Tsopano anzanga a msinkhu wanga, amene mwapuma pa ntchito kapena mwatsala pang'ono, inu ndiye ndikukalipireni kwambiri, chifukwa simungati ndinu ana. Chiyambire 2011 lamulo likukakamiza abwana kuika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti ya malipiro ku thumba la penshoni. Ndalama imeneyo ndi ndodo ya ukalamba wanu, si ya tikiti. Mwana akakuitanani kuti bwerani mudzakhale nafe kuno, funsani mafunso musanagulitse ng'ombe. Ndikakhala pa chilolezo chanji? Shuga wanga ndi BP zikakwera, adzalipira chipatala ndani? Banja la mwanayu likadzagwedezeka, ine ndidzagona kuti? Viza yokacheza ku Britain ndi ya miyezi 6, siloleza kugwira ntchito, ndipo mlendo akagonekedwa m'chipatala amalipiritsidwa. Kumeneko anthu amachoka m'mamawa n'kubwera usiku. Gogo amatsala yekha m'nyumba yotseka, kunja kukuzizira, wopanda mnzake wocheza naye pakhonde, wopanda maliro kapena chinkhoswe choti apiteko. Amene kwawo anali nkhoswe yomveka, woweruza milandu pabwalo, amasanduka wolera ana wopanda malipiro, ndipo sangadandaule poti nyumba ya kumudzi anagulitsa.

Nanunso amene muli kale kunja ndi mapepala abwino, musadzinamize kuti mwafika. Penshoni ya boma ku Britain imafuna kuti munthu akhale atasonkha zaka zosachepera 10 kuti alandireko kangachepe, ndipo yathunthu imafuna zaka 35. Wopita ali ndi zaka 48 awerengere yekha. Komanso dziwani kuti mukadzabwerera kudzakhala ku Malawi, penshoni imeneyo siikwezedwanso chaka ndi chaka monga imachitira kwa okhala kumeneko; imaima pamene inali. Nyumba ya malamulo inavomereza unzika wa maiko awiri kumapeto kwa 2018, ndiye palibenso chifukwa chotayira Umalawi wanu. Konzani mapepala a kuno, a ana anu omwe. Ana amenewo aphunzitseni chilankhulo, muzibwera nawo adzaone manda a agogo awo, amfumu awadziwe nkhope. Malo a makolo amene mwini wake sanaonekeko zaka 20 amapeza eni ena, ndipo mlandu wake mudzauluza chifukwa mboni zanu zonse zidzakhala zitagona.

Sindikusiyani inu otsala kumudzi. Mbale wanu akugona maola ochepa, akusambitsa nkhalamba za eni, akutumiza ndalama kuti mumumangire nyumba, inu n'kumamutumizira zithunzi za nyumba ya munthu wina. Ndalama zathera ku mowa ndi ku zibwenzi. Tsiku limene adzatsike ndege n'kupeza maziko okha atamera udzu, mudzamuyang'ana ndi maso ati? Uku ndi kupha munthu. Ndipo inu otumiza, lekani kuchita manyazi ndi abale: pepala la malo likhale m'dzina lanu, malisiti a simenti muziwaona, ndipo tumani munthu wina wapadera azikayendera.

Pomaliza pake pali maliro, amene simufuna kuwatchula. Pafupifupi sabata iliyonse m'magulu a pa WhatsApp mukuyenda uthenga wopempha chopereka kuti thupi la m'bale lichoke ku Cape Town kapena ku Johannesburg lidzaikidwe kwawo. Munthu anali ndi foni yodula, nsapato zodula, koma sanalowe bungwe la maliro ngakhale limodzi, abale sakudziwa kumene amakhala, pasipoti inatha kalekale, mwina ankayendera dzina la munthu wina. Thupi limakhala m'nyumba ya chisoni milungu, mayi ake kumudzi akugona pa mphasa kudikira, anthu osauka n'kumasonkha kuti akonze zimene iye anazinyalanyaza ali moyo.

Ngati mwatsimikiza kupita, pitani masana, mwini mbumba ndi amfumu akudziwa. Kafunseni ku unduna wa za ntchito ngati amene akukutenganiyo ali m'kaundula. Kalata ya mgwirizano muiwerenge nokha musanasaine, pasipoti ikhale m'thumba mwanu osati mwa bwana, ndipo mukafika kalembetseni ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu. Munda ubwereketseni kwa mbale azilima, pamaso pa mboni, koma musaugulitse. Ndalama ya tikiti yobwerera muisunge padera, ndipo ngakhale zitavuta chotani musaikhudze.